MASIKU ASANU PA CITUNDA CA KU TUG ARGAN

Munthu woyenda m'Zambia akapenyetsetsa maina a makampu a asilikari adzapeza kuti ambiri a iwo si maina a dziko lino. Ku Chipata kuli Gondar, ku Lusaka kuli Arakan, ku Kabwe kuli Chindwin, ndipo ku Ndola kuli Tug Argan. Onsewa ndiwo maina a malo akutali kumene asilikari a dziko lino, pamodzi ndi anzao a maiko oyandikana nalo, anamenyako nkhondo yaikuru yaciwiri ya maiko onse, ya 1939 kufikira 1945. Gondar ali ku Ethiopia, Arakan ndi Chindwin ali ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar, ndipo Tug Argan ali ku Somaliland.

Phunziro lino likamba za Tug Argan, makamaka za mnyamata mmodzi wa zaka 27, dzina lace Eric Wilson, amene anayang'anira mfuti zaciwaya pa citunda cina kumeneko m'mwezi wa August 1940. Funso loyenera kulisunga powerenga ndi ili: cimene cikhazika anthu pa nchito yao nciani, pamene akuru ao ali kutali, thandizo silioneka, ndipo imfa iri pakhomo?

I. DZIKO NDI NKHONDO YACE

British Somaliland linali dziko louma, la miyala ndi mitengo yaminga, lopenyana ndi mudzi wa Aden patsidya pa nyanja. Eni ace, Asomali, ambiri anali abusa a ngamila, nkhosa ndi mbuzi, oyenda ndi zoweta zao kutsata msipu ndi zitsime. Doko lace lalikuru ndilo Berbera. Kumtunda dzikoli linazingidwa ndi maiko olamulidwa ndi Ataliana, pakuti iwo analanda Ethiopia mu 1936, ndipo Eritrea ndi Italian Somaliland anali nao kale. Angelezi anakhulupirira kuti pakabuka nkhondo Afalansa a ku Djibouti, anansi ao, adzagwirana nao manja. Koma Italy analowa nkhondo pa 10 June 1940, ndipo mwezi womwewo France anagonja kwa Ajeremani. Cotero ochinjiriza Somaliland anatsala okha.

Pa 3 August 1940 ankhondo a Italy oposa 20,000 analumpha malire, wowatsogolera ndiye kazembe Guglielmo Nasi. Anali nayo mizinga yambiri, akasinja ndi ndege. Ocuruka a iwo sanali azungu ai, koma Aafrika olembedwa usilikari m'maiko a Ataliana. Motero pa mbali zonse ziwiri ana a Afrika ndiwo anasenza katundu wolemera wa ndeu ya mafumu a ku Ulaya. Pa 5 August mudzi wa Hargeisa unagwa, ndipo adani analunjika ku Berbera.

Owachinga anali ngati 5,000 okha. Panali gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment, gulu laciwiri la King's African Rifles locokera ku Nyasaland, magulu awiri a Amwenye a ku Punjab, gulu la Black Watch la ku Scotland, ndi Asomali a Somaliland Camel Corps. Mizinga yao ya kumunda wa nkhondo inali inai yokha, ya East African Light Battery. Kusowa kwa zida kunakula kotero kuti combo ca nkhondo ca ku Australia, dzina lace Hobart, cinatsitsa kamzinga kace kakang'ono, ndipo amarinyero atatu anakwera nako kumtunda kukayesa kuletsa akasinja.

Mseu wocokera ku Hargeisa kunka ku Berbera upyola pa mpata waukuru pakati pa mapiri. Pamenepo pali khwawa la mcenga loyenda madzi pa mvula pokha. Khwawa lotere Asomali alicha tug, ndipo limeneli ndilo Tug Argan. M'mpatamo muli zitunda zingapo zoima pazokha, zimene asilikari anazipatsa maina: Black Hill, Knobbly Hill, Mill Hill ndi Observation Hill. Asilikari a Northern Rhodesia Regiment ndiwo anaikidwa pa zitunda zimenezi, ndi mfuti zaciwaya za Camel Corps pakati pao, pamene a ku Nyasaland analonda mipata ina m'mapiri a pafupi. Bvuto la malowo linali lakuti zitundazo zinatalikirana, ndipo anthu sanakwanire kutseka pakati pace. Citunda ciri conse cinakhala ngati cisumbu. Okhala pamenepo anadziwa kuti adani akawazinga, palibe wodzawaonjola msanga.

II. MNYAMATAYO NDI MFUTI ZACE

Eric Wilson anabadwa pa 2 October 1912 ku Sandown, pa cisumbu ca Isle of Wight ku Mangalande. Atate wace anali mbusa wa mpingo wa Anglican. Anaphunzira pa sukulu ya Marlborough, natsiriza maphunziro a usilikari ku Sandhurst, nalandira udindo mu East Surrey Regiment m'caka ca 1933. Mu 1937 anatumidwa ku gulu laciwiri la King's African Rifles, la asilikari a ku Nyasaland, ndipo kumeneko anaphunzira kulankhula Cinyanja. Mu 1939 anasamukira ku Somaliland Camel Corps, kumene anapatsidwa nchito ya kuphunzitsa Asomali magwiridwe a mfuti zaciwaya. Wothandizana naye wamkuru anali sajeni wa Cisomali, dzina lace Omar Kujoog, ndipo awiriwa anakhulupirirana kwambiri.

Kuti nkhani imveke bwino kuyenera kudziwa makhalidwe a mfuti zotere. Mfuti yaciwaya ya ankhondo a Angelezi masiku amenewo, ya mtundu wa Vickers, inali yolemera, yokhazikidwa pa miyendo itatu yacitsulo. Zipolopolo zace zinalowa ziri pa lamba wautali wa zipolopolo 250, ndipo inatha kulabvula zoposa 400 pa mphindi imodzi. Popeza mpope wace unatentha msanga, unakutidwa ndi cotengera ca madzi ouziziritsa. Munthu mmodzi sakadatha kuitumikira yekha: wina aombera, wina alowetsa lamba, ena asenza mabokosi a zipolopolo ndi madzi. Akathawa mmodzi, mfuti ikhala cete posacedwa. Apa mpamene mwambi uja ukwanira, wakuti mutu umodzi susenza denga.

Mfuti yotere iri nayo mphamvu yaikuru pa asilikari oyenda pansi pa cidikha, koma iri naconso cofoka cace. Ikangolira, yadziulula pamene iri. Ndipo popeza siisunthika msanga, mdani aitana mizinga kuti iiphwanye pamalo pomwepo. Cifukwa cace oombera amamanga timalinga ta miyala ndi matumba a mcenga, nasiya timazenera topapatiza totulutsira mpope. Wilson ndi anthu ace anamanga timalinga totere pa Observation Hill, citunda cimene cinali ngati mfungulo ya malo onsewo. Iye mwini sanakhale kumbuyo kumangotumiza mau, koma anakhala m'kalinga kamodzi pamodzi ndi oombera ace.

III. MASIKU ASANU

Pa 11 August adani anafika pa Observation Hill. Wilson ndi Asomali ace anawabweza. Atatero anaona kuti khamu lina liri kukwera Mill Hill, citunda ca anzao, cimene zipolopolo zace zinatha kufikako. Akadakhala cete akadasunga zipolopolo, nabisanso malo a mfuti zace. Koma anatembenuza mfuti, naombera okwera citunda ca anansi, nawagwetsa ambiri.

Mphotho ya thandizo limeneli inadza tsiku lomwelo. Ataliana anatsimikiza mtima kutontholetsa mfuti zija. Anabwera nayo mizinga ya m'mapiri, imene imapasulidwa ndi kusenzetsa nyuru, naiimika pa mtunda wa mayadi 700 okha. Zipolopolo ziwiri za mizinga zinalowera pa timazenera tija, niziphulika m'kati mwa linga. Wilson anabvulala kwambiri pa phewa lamanja ndi m'diso lamanzere, magalasi ace a maso anasweka, ndipo ena a anthu ace anabvulalanso. Mfuti zinagwetsedwa pa miyendo yace. Iye anazitola, nazikonza, naziimikanso, ndipo zinayambanso kulira. Sajeni Omar Kujoog anaphedwa ali pambali pace.

Pa 12 August Mill Hill inagwa m'manja mwa adani, ndipo iwiri ya mizinga inai ija inatayika pamenepo. Tsiku lomwelo, ndiponso pa 14 August, mizinga ya Ataliana inasonkhanitsa moto wace pa mfuti za Wilson. Mabala ace anali osamangidwa, nyengo inali ya dzuwa loopsa, ndipo adani anali atayamba kulowerera pakati pa zitunda kunka ku mseu wa kumbuyo. Koma mfuti za pa Observation Hill sizinaleke.

Pa 15 August timalinga tiwiri ta mfuti zace tinaphwanyidwa psiti. Pamwamba pa mabala, malungo anali atamgwira. Ngakhale zinatero, kalinga kace ka iye mwini kanaomberabe kufikira 5 koloko madzulo, pamene adani anasefukira pa citundaco nacitenga. Mau anafika kwa akuru a nkhondo akuti Wilson wafa.

IV. CIMENE MASIKUWO ANAGULA

Wowerenga angafunse kuti, nanga phindu lace linali ciani, popeza citunda cinagwabe? Yankho liri m'zimene zinacitika kumbuyo. Kazembe Reade Godwin-Austen, amene anafika kudzalamulira ankhondo pa 11 August, anaona kuti akakhalitsa pa Tug Argan anthu ace onse adzazingidwa ndi kutha. Anapempha cilolezo ca kucoka m'dzikomo, ndipo akuru a ku Cairo anabvomera pa 15 August. Usiku womwewo asilikari anayamba kubwerera ku nyanja. Pa 17 August a Black Watch anaimitsa adani pa Barkasan, ndipo anthu ngati 7,000, asilikari ndi anthu wamba, anakwera zombo pa Berbera naolokera ku Aden. Ataliana analowa m'Berbera pa 19 August, napeza doko lopanda ankhondo.

Zitunda zija zikadagwa tsiku loyamba, mseu wa ku nyanja ukadatseguka anthu asanakonzeke, ndipo ambiri amene anabwerera kwao ku Chipata, ku Petauke kapena ku Zomba akadatsirizikira m'cipululu kapena m'ndende. Masiku asanu amene asilikari a pa zitunda anapirira ndiwo anagulira anzao nthawi.

Monga mwa mawerengedwe a Angelezi, a mbali yao anafa 38, anabvulala 102, ndipo 120 anasowa kapena kugwidwa; a mbali ya Italy akufa ndi obvulala anali ngati 2,000. Winston Churchill, nduna yaikuru ya ku Mangalande, anaipidwa pakumva kuti dziko latayika pamene akufa anali owerengeka cotero, nayesa kuti ankhondo sanalimbike. Kazembe Archibald Wavell anamyankha kuti kucuruka kwa mitembo sikutsimikiza nzeru za wotsogolera nkhondo. Mau amenewa ayenera kusungidwa pamodzi ndi nkhani ya Wilson, kuti wina angayese kuti utsogoleri ndiwo kutaya miyoyo ya anthu cabe. Wa pa citunda anakhala pomwe anaikidwa kuti anzace apulumuke. Kazembe anabweza ankhondo ace pa cifukwa comweco.

V. WAKUFA APEZEKA WAMOYO

M'mwezi wa October 1940 boma la ku London linalengeza kuti Kapiteni Wilson wapatsidwa Victoria Cross, mendulo yoposa zonse ya kulimba mtima pa nkhondo, imene Mfumukazi Victoria anaikhazika mu 1856. Cilengezoco cinati iye anamenya kufikira cimariziro naphedwa. Abale ace anamlira.

Koma munthuyo sanafe. Anakomoka pa citunda paja, natsitsimuka, nagwidwa ndi Ataliana, amene anamtengera ku kampu ya akaidi a nkhondo ku Adi Ugri m'dziko la Eritrea. Za mendulo yace anazimva ali komweko, kwa mkaidi mnzace wogwidwa pambuyo pace. M'caka ca 1941 mphepo inatembenuka: Angelezi anatenganso Berbera pa 16 March, nagonjetsa Ataliana pa Keren m'mwezi womwewo, ndipo akaidi a ku Adi Ugri anamasulidwa, pamodzi ndi amarinyero atatu aja a Hobart.

Wilson anabwerera ku nkhondo. Anatumikira m'cipululu ca kumpoto kwa Afrika ndi gulu la Long Range Desert Group, ndipo pambuyo pace ku Burma ndi King's African Rifles, kumene anadwala nthenda yoopsa ya m'chire. Nkhondo itatha anakhalako ndi Northern Rhodesia Regiment, nasiya usilikari mu 1949, nagwira nchito ya boma ku Tanganyika kufikira dzikolo linalandira ufulu mu 1961. Asomali sanawaiwale: anakhala mlembi wa bungwe la Anglo-Somali Society, ndipo pa njala yaikuru ya 1975 anathandiza kusonkhanitsa cithandizo ca anthu a dziko lija. Anamwalira pa 23 December 2008, ali ndi zaka 96, patapita zaka 68 cilengezedwere imfa yace.

VI. ZOPHUNZIRA

Tsono funso lija libwerenso: cinakhazika Asomali aja pa mfuti zao masiku asanu nciani? Dziko lolamulira silinali lao, ndeu siinali yao, ndipo njira za m'mapiri anazidziwa bwino kuposa mzungu ali yense. Akadafuna kuzemba usiku, sakadawaletsa munthu wa phewa lobvulala ndi diso limodzi. Mantha a cilango sakwanira kufotokoza zimenezi, pakuti mzinga woima pa mayadi 700 uopsa kuposa cilango ciri conse ca ku kampu.

Coyamba, masiku asanu aja anakonzedwa zaka zam'mbuyo. Mnyamata amene anadzibvuta kuphunzira Cinyanja kuti amve mau a asilikari ace m'kamwa mwao momwe anaonetsa kale mtima umene anapita nao ku Somaliland. Anaphunzitsa yekha anthu amene anadzaima nao, ndipo anapalana ubwenzi ndi sajeni wao. Cikhulupiriro ca anthu sicifulidwa tsiku la tsoka, monganso nkhokwe siimangidwa njala itafika kale.

Caciwiri, anakhala pomwe zipolopolo zinagwa. Akuru anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Zipolopolo zimene zinabvulaza oombera zinambvulaza iyenso, ndipo mfuti zitagwa manja ace ndiwo anazitola. Sanalamulire munthu kucita kanthu kamene iye mwini sanali kukacita pamaso pao. Anthu amapenya mapazi a mtsogoleri koposa kumvera pakamwa pace.

Cacitatu, sanasamalire citunda cace cokha. Masautso ace akuru anayamba pamene anaombera kuthandiza a pa Mill Hill. Mwambi uti mnzako akapsa ndebvu mzimire. Koma mwambiwo sunena kuti wozimira sapsa zala. Woyang'anira malo akutali ayesedwa kawirikawiri kunena kuti, zanga zandikwanira. Wilson anadziwa kuti citunda cace cinali mphanda imodzi ya nyumba yonse.

Cacinai, ulemu uyenera kugawidwa monga nchito inagawidwa. Cilengezo ca boma cinachula dzina la Wilson, koma sajeni amene anafa pambali pace cinangomucha sajeni wace wa Cisomali, osachula dzina. Zombo zitacoka pa Berbera, Asomali ambiri a Camel Corps anatsala m'dziko lolandidwa. Mendulo inapita kwa munthu mmodzi, pamene mfuti iri yonse inatumikiridwa ndi manja ambiri, ndipo citundaco cinasungidwanso ndi asilikari a Northern Rhodesia Regiment, gulu limene linasanduka Zambia Regiment pa ufulu wa 1964. Wokamba nkhani iyi achule Omar Kujoog pamodzi ndi Eric Wilson, ndipo akumbukire ana a midzi ya kuno amene anaima pa zitunda zija.

Owerenga ambiri sadzamva kulira kwa mzinga moyo wao wonse, ndipo nkwabwino kutero. Koma malo akutali alipo ambiri kunja kwa nkhondo. Pali mphunzitsi wa sukulu ya kuchire kumene woyendera masukulu afika kamodzi pa caka. Pali wa cipatala caching'ono kutsidya kwa mtsinje wodzala, mankhwala atatsala pang'ono. Pali nyakwawa ya mudzi m'caka ca cilala. Pali kapitao wa anthu okonza mseu, malipiro atacedwa. Onsewa ali ndi anthu owapenya, ndipo wamkuru wowayang'anira ali kutali. Anthu ao adzakhala nao kapena kuwathawa monga mwa zimene anaona masiku a mtendere, ndiponso monga mwa malo amene mtsogoleriyo aimapo zinthu zikabvuta.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Cifukwa ninji ochinjiriza Somaliland anatsala okha m'mwezi wa June 1940, ndipo bvuto la zitunda za ku Tug Argan linali lotani?

2. Mfuti yaciwaya ifuna anthu angapo kuti ilire. Ndi nchito ziti za pamudzi zimene ziima akacoka munthu mmodzi?

3. Wilson akadapanda kuthandiza a pa Mill Hill, akadapindula ciani, ndipo akadataya ciani pamaso pa anthu ace?

4. Wilson anakhala pa malo ace, koma Godwin-Austen anabweza ankhondo. Mtsogoleri azindikira bwanji nthawi ya kulimbikira ndi nthawi ya kubwerera?

5. Kodi m'mudzi muno munali amuna amene anapita ku Somaliland, ku Ethiopia kapena ku Burma? Maina ao asungidwa ndi yani, ndipo ana awadziwa kodi?